Kudikira Duwa la Jakaranda

Ndinataya mkazi wanga, chipinda chathu cha ku Bertrams, ndi masana athu a Lamulungu.

Mayunivesite awiri a mu Joni anali atandilandira kuti ndikachite digiri ya akaunti ndi zachuma. Tikaweruka kutchalitchi tinkapita kukawaona. Iye sankafunsa za maphunziro. Anamva kuti duwa la jakaranda likakugwera pamutu umakhoza mayeso, choncho ankandiimika pansi pa mitengoyo n'kumadikira mphepo. Msewu wonse unkakhala wapepo, ndipo sitinkafulumira. Konse kuwiri duwa silinandigwere.

Mpaka pano sindinayankhe yunivesite iliyonse. M'mawa umene takisi yomwe anakwera inachita ngozi akupita kuntchito ku Rosebank, anatembenuka pakhomo akumanga duku, nati: "A akauntanti, musasankhe ndisanabwere. Inuyo mumapupuluma."