Msomali wa Nambala 214

Pa 3 Febuluwale chaka chatha, Komiti Yoona za Masewero ndi Umoyo Wabwino wa Ogwira Ntchito M'migodi inalengeza kuti yagula mwala. Chilengezocho chinatuluka pa pepala lachikasu la zidindo ziwiri, ndipo analimata pa khoma la chimbudzi cha pa renki ya matekisi ku Tlhabane, kumene anthu amaima nthawi yokwanira kuwerenga. Mwalawo unali wakuda, wosalala, wotalika ngati munthu. Komiti inati idzauimika m'mbali mwa damu lina la m'mapiri a Magaliesberg, ndipo padzalembedwa dzina la wogwira ntchito mumgodi aliyense amene adzamalize mpikisano wa mu Okotobala: kusambira makilomita anayi, kupalasa njinga makilomita 180 m'mapiri, kenako kuthamanga makilomita 42, zonsezi tsiku limodzi. Pansi pa pepalalo panali mawu a zilembo zikuluzikulu akuti palibe ndi mmodzi yemwe amene adzaiwalike.

Anthu ambiri anawerenga n'kupitiriza zimene anabwerera. Yona Gwedeza anawerenga kawiri, n'kujambula pepalalo ndi foni.

Yona ndi wa ku Chikwawa, ali ndi zaka 48, ndipo anafika kuno ku Joni mu 1999. Kusambira anaphunzirira mu Shire, m'mene wophunzitsa liwiro ndi ng'ona. Njinga anaidziwira pa Nchalo, akunyamula anthu ndi matumba a makala kwa zaka zitatu. Kuthamanga kunabwera kokha, chifukwa amakhala ku Nkaneng ndipo tekisi ya m'mamawa imadutsa itadzaza kale, pamene shafuti, polowera mumgodi umene amagwiramo, ili pa mtunda wa makilomita asanu ndi anayi. Zinthu zitatu zimene ena amalipira kuti azichite Loweruka, iye anazichita moyo wake wonse osadziwa kuti ndi masewero.

Wagwira ntchito pansi pa makontilakita asanu ndi mmodzi. Kontilakita aliyense akatseka kampani amapita ndi mafaelo ake. Tsiku lina Yona anapita ku ofesi kukapempha kalata yosonyeza zaka zimene wagwira, ndipo kalaliki anamuuza mwaulemu kuti kompyuta inayamba kumudziwa mu 2017.

"Nanga zaka zinazo ndinali kuti?"

"Zimenezo mukudziwa ndinu, bambo."

Kumudzi nako yankho linali lomwelo, kungoti kumeneko ali ndi dzina lake: mtchona. Panali patatha zaka zisanu ndi ziwiri asanapondeko. Nyumba inaima pa mawindo. Anthu akafunsa mkazi wake Rozalia kuti amuna anu amatani kwenikweni ku Joniko, iye ankati amagwira ntchito, ndipo ofunsawo ankagwedeza mutu mwa chifundo. Choncho Yona ataona za mwala, sanaone mpikisano. Anaona malo amodzi padziko pano amene dzina lake lidzakhale losafufutika, oti n'kuwajambula n'kutumiza kumudzi.

Anakauza a Absalom. A Absalom ndi a ku Ntcheu, anabwera nthawi ya Theba n'kutsalira konkuno, ndipo anali kapitawo wa Yona kwa zaka khumi asanapume. Pano amakhala m'chipinda cha lendi ku Tlhabane, kudya penshoni ndi kutsutsa aliyense.

"Ukuti usambire, upalase, uthamange. Akukuthamangitsa ndani?"

"Palibe, madala."

"Ndiye kuti ndiwe mampara." Ndi mawu a kumgodi, otanthauza chitsiru. "Ife tinkathamanga miyala ikamagwa. Iwe ukuthamangira mwala woima?"

"Dzina langa likalembedwe basi."

"Dzina lako lidzalembedwa pa mwala, usade nkhawa. Tonsefe. Sikofunika kusambira."

Ananena choncho, koma Lamlungu lililonse kuyambira pamenepo ankakwera tekisi mpaka kudamu, kukakhala pa ndowa yovundikira atagwira wotchi, n'kumakuwa kuti Yona akusambira ngati mbuzi yogwera m'chitsime.

Pali chinthu china chimene a Absalom anaphunzitsa Yona kale, ndipo nkhaniyi singamveke popanda icho. Ku shafuti kwawo kuli bolodi la misomali, msomali uliwonse ndi nambala yake. Munthu akamatsikira pansi amachotsa kachitsulo ka nambala yake, kamene amati thagi, n'kupita nako. Akatuluka, asanamwe madzi, asanalonjere munthu, amakakoleka thagiyo pa msomali wake. Msomali ukakhala wopanda kanthu ndiye kuti munthu akadali pansi, ndipo palibe amene angaphulitse miyala mpaka apezeke. Mu 2004 Yona anatuluka atatopa n'kupita kwawo thagi ili m'thumba. Anthu makumi atatu anamufunafuna pansi kwa maola anayi. A Absalom anakamupeza ku Nkaneng akuchapa sokosi, ndipo anamumenya khofi limodzi lokha, pamaso pa anthu.

"Ukatuluka pa malo oopsa," anatero, "manja ako azidziwa okha chochita. Mutu wakowo sindiudalira."

Kuyambira tsiku limenelo manja a Yona sanaiwalenso.

Mu Julaye Rozalia anaimba foni. Mwana wawo woyamba, Atikonda, wapeza banja, ndipo ukwati auika pa Loweruka lachiwiri la Okotobala, tsiku lomwelo la mpikisano.

"Loweruka liti?"

"Mwamva, abambo a Atikonda. Musachite ngati netiweki."

"Sangasunthe? Ngakhale sabata imodzi?"

"Holo talipira, abusa avomera, achibale a mwamuna akuchokera ku Mzuzu. Tisunthe chifukwa bambo a mkwatibwi akukasamba m'damu?"

Tchuthi anali atamupatsa kale, masiku khumi. Basi ya ku Blantyre imanyamuka Lachitatu lililonse. Yona anadzifotokozera bwinobwino kuti ukwati amayendetsa ndi amalume ake a mwana, kuti bambo amangokhala kutsogolo atavala jekete, kuti akafika mu Disembala ali ndi chithunzi cha mwala anthu adzamvetsa. Atikonda mwiniwake anaimba kamodzi.

"Bambo, mpando wanu ndausunga. Ndiuchotse?"

"Mwananga, ndikubweretsera chinthu choti udzaonetse ana ako."

"Chabwino, bambo," anatero, n'kudula.

Tsiku lisanafike la mpikisano anamupatsa nambala 214 ndi kachipangizo ka lamba komanga pa kakolo. Anamufotokozera momveka, ndipo iye anamva: kachipangizoko ndi kamene kamauza kompyuta kuti wadutsa, akaponda pa kapeti yoyalidwa potuluka m'madzi, posiya njinga ndi pomaliza. Asakachotse mpaka mapeto. Yona anavomera ndi mutu. Sikuti sanamve.

Analowa m'madzi faifi koloko m'mawa, anthu mazana atatu, ambiri a iwo ochokera ku Johannesburg ndi njinga zodula kuposa nyumba ya ku Chikwawa ija. Madzi anali ozizira, akuda, ndipo anthu ankamenyana zigongono ngati m'kheji yotsikira pansi. Wina anamuponda kumaso. Anamwa madzi kawiri. Atatha ola limodzi ndi theka anagunda matope ndi mawondo, n'kuimirira mutu ukuzungulira.

Pamenepo, m'mphepete mwenimweni mwa madzi, asanafike pa kapeti, Komiti inali itaika bolodi. Linali la anthu ovala magalasi a maso, kuti asiyepo magalasi awo polowa m'madzi n'kuwatenga potuluka. Bolodi loyera, mizere ya misomali, msomali uliwonse ndi nambala yake. Yona savala magalasi. Msomali wa 214 unali wopanda kanthu.

Iye akuti sakumbukira kuti anawerama. Akukumbukira kuti anamva mtima kukhala pansi, ngati mmene amamvera tsiku lililonse akatuluka. Kenako anathamanga kudutsa pa kapeti, anatenga njinga, n'kulunjika kumapiri.

Anaona kakolo wake ali pa kilomita ya 60, pokwera phiri lachiwiri, atayang'ana pansi kuti aone tcheni. Panali mzere wotuwa wa lamba basi. Anaima. Kubwerera kukanakhala makilomita 120 owonjezera, ndipo nthawi yotsekera gawo la njinga ikanamupitirira. Anayang'ana nambala ya pa chifuwa, ya pa chisoti, ya pa njinga, ngakhale ya pa mkono imene anamulemba ndi inki. Anaganiza kuti anthu ali ndi maso. Anakweranso.

Pa zonse zimene zinachitika tsikulo, apa m'pamene amabwerera akamakamba. Akuti wina aliyense akanatha kuganiza choncho, koma osati iye, munthu amene wakhala zaka zonsezi akudziwa kuti munthu amawerengedwa ndi bolodi, osati ndi maso.

Kudamu kuja, kompyuta inanena kuti 214 sanatuluke m'madzi. Komiti inachita zonse motsatira ndondomeko, ndipo pa ichi tiyenera kuiyamikira. Inatumiza mabwato awiri. Inaitana akatswiri olowa pansi pa madzi. Wina ataona kuti njinga ya 214 palibe pamalo pake, analemba lipoti lakuti njinga ya malemu yabedwa. Oyang'anira m'misewu atatu anaimba kunena kuti 214 wadutsa pa iwo ali bwinobwino ndipo wapempha nthochi, koma anauzidwa kuti zimenezo sizikugwirizana ndi kompyuta. A Absalom, amene anamuona ndi maso awo akutuluka, anapita pa tebulo la mlembi.

"Aikona! Munthuyo ali m'phiri. Ndamuona ine."

"Ndinu wachibale?"

"Ndine kapitawo wake."

"Ndiye khalani apo, madala. Tikapeza thupi tikuitanani."

Kachipangizo kaja kanapezeka cha m'ma fili koloko masana, pamene mayi wina ankachotsa bolodi. Kanali kokolekedwa bwino, lamba atapindidwa, nambala ikuyang'ana kutsogolo. A Absalom akuti atakaona anakhala pa ndowa yawo n'kuyang'ana dzanja lawo lamanja.

Nthawi imeneyo Yona anali atasiya njinga ndipo ankathamanga. Kunatentha. Njira inali ya miyala, yokwera ndi kutsika pakati pa mitengo yaminga, ndipo ntchafu zinayamba kukokana pa kilomita ya 20. Anayenda, anathamanga, anasanza, anathamanganso. Akuti pa kilomita ya 30 anayang'ana dzuwa n'kudziwa kuti ku Chikwawa anthu atuluka m'tchalitchi kalekale, ali mu holo, ndipo wina waitana bambo a mkwatibwi kuti abwere kutsogolo. Sanadziwe amene anaimirira. Anamva pambuyo pake kuti anali mlamu wake Harrison, atavala jekete imene Yona anatumiza.

Anafika pa mzere womaliza dzuwa litangolowa, atatha maola khumi ndi anayi. Mayi wina anamukoleka mendulo m'khosi. Mlembi anayang'ana kompyuta, anayang'ana Yona, anayang'ananso kompyuta, kenako anapempha mwaulemu kuti mendulo ibwezedwe kaye mpaka nkhani iunikidwe. Mmodzi wa akatswiri a m'madzi aja, tsitsi likadali lonyowa, anabwera kudzamugwira chanza. Anati pa ntchito yake yonse sanapezepo munthu womira ali ndi thukuta chonchi.

Pobwerera mu tekisi, atafika pa Marikana, a Absalom anatembenukira kwa Yona.

"Ndinakumenya kwambiri tsiku lija," anatero.

"Munandimenya bwino, madala."

"Aikona. Ndinakumenya kwambiri."

Yona analemba kalata yodandaula. A Absalom anasainira ngati mboni, oyang'anira m'misewu awiri nawonso. Komiti inayankha patatha miyezi inayi, pa pepala la zidindo ziwiri. Inati ikumvetsa, ndipo ikuyamikira mzimu wa bambo Gwedeza. Inati palibe amene akukana kuti anaoneka m'malo osiyanasiyana tsiku limenelo, koma kuoneka si kudutsa. Inawonjezera kuti pofuna kupewa zoterezi mtsogolomu, bolodi la magalasi lidzapakidwa utoto wina.

Mu Disembala sanapite kumudzi. Akuti akanapita ndi chiyani. Rozalia anamutumizira vidiyo ya ukwati, ndipo amaionera Lamlungu akachoka kutchalitchi. Pali malo ena pamene kamera imadutsa kutsogolo n'kuonetsa mpando wapulasitiki woyera pafupi ndi Rozalia, pali chikwama cha munthu wina. Atikonda sanauchotse. Pamenepo Yona amaimitsa vidiyo, kenako amaipitiriza. Mwanayo amayankha mameseji, mwaulemu, mawu awiri kapena atatu. Mwezi watha analemba kuti ndi woyembekezera, ndipo sanafunse ngati bambo ake adzabwere.

Njinga ija ili pa denga la shaki yake ku Nkaneng, yomangidwa ndi waya, ikuthandiza kupsinja malata. Amathamangabe kupita ku shafuti chifukwa tekisi imadutsabe itadzaza. Akatuluka pansi amakoleka thagi pa msomali wake, asanamwe madzi, asanalonjere munthu.

Mwala uja anauvundukula mu Epulo, panali bandi ndi zakumwa. Pamwamba pali maina asanu ndi anayi a mamembala a Komiti, pansi pake maina khumi ndi awiri a ogwira ntchito m'migodi amene anamaliza, ndipo pansi penipeni pali mawu aja akuti palibe ndi mmodzi yemwe amene adzaiwalike. M'kaundula wa mpikisano, nambala 214 sanatulukebe m'madzi.