A Nyachavula Anatsala ku Mlowe

Ndatopa nako kumva anthu pa Katowo pano akunena kuti a Dinah Nyachavula anasokoneza ulendo wathu wa kunyanja. Ine ndinali m'minibasi imeneyo, mwana wanga Ungweru ali ndi miyezi isanu ndi iwiri. Ndinaona zonse, ndipo zina mwa zoipazo ndinachita ndine.

Kwa amene simuwadziwa, a Dinah ndi mayi wa zaka makumi asanu ndi zinayi, amagulitsa tomato ndi anyezi pafupi ndi pokwerera mapikapu. Anabadwira ku Hewe konkuno. Anakwatiwa akadali mtsikana, amuna awo n'kupita ku Joni mwana woyamba asanayambe kukwawa, osabweranso. Mwanayo anamwalira ndi chikuku. Kuyambira pamenepo analera ana a eni: anayi a mchimwene wawo, awiri a mng'ono wawo, ndi ena amene makolo awo anangowasiya n'kupita ku fodya. Mwana wolira kwa amake amatonthola akangomuika paphewa pa a Dinah. Ku sikelo, kumaliro, kutchalitchi, aliyense amangoti, "Amama, mundigwirireko." Sindinawamvepo akukana. Zaka zonsezi akhala m'boma la Rumphi lomwe lili ndi nyanja, koma nyanjayo anali asanaionepo. Kutali kumene anafikako kunali kuchipatala cha paboma, kukadikirira odwala.

Ulendowu anauyambitsa ndi a Pamela, akazi a aphunzitsi ena amene anabwera kuno chaka chatha kuchokera ku Lilongwe. Ndi munthu wochezeka, sindingawanamizire. Anasonkhanitsa azimayi khumi ndi awiri, ena a kuno, ena a ku Bolero, ena a paboma, ambiri tosadziwana n'komwe. Anati tikakhale masiku atatu, Chiweta, Chitimba ndi Mlowe, tikapitidweko mphepo, amuna atsale ndi mbuzi. Tsiku lina akugula tomato anauza a Dinah kuti nawonso atsagane nafe, ndi mnzathu. A Dinah anagulitsa nyemba zawo, anasonkha monga wina aliyense, n'kugula chitenje chatsopano choti akalowe nacho m'madzi. Sabata yonse ankandifunsa ngati n'zoona kuti munthu ukaima pamchenga suona kumene madzi athera.

Tsono ife a kumtunda kuno, kufupi ndi Nyika, timaopa mphepo pa mwana kuposa njoka. Apongozi anga anandilangiza kawiri konse kuti mphepo ya kunyanja ikalowa paliwombo, mwana amagwidwa chibayo. Tinalipo anayi a makanda, ndipo tonse tinauzidwa zomwezo kwathu. Ana tinawaveka zipewa zaubweya, majuzi ndi masokosi, ngati tikupita kumaliro a mu Juni.

Tisanafike pa Phwezi, a Dinah anali kale ndi makanda awiri pamiyendo, atakhala pakati pampando wakumbuyo. Titayamba kutsika phiri la Chiweta nyanja inaonekera kumunsi, aliyense n'kuunjikana pawindo ndi foni yake. A Dinah anaona misana yathu basi.

Pa Chiweta tinapeza zipinda kuseri kwa magolosale, kumtunda kwa msewu. A Pamela anati makanda asafike kugombe, ndipo a Dinah atigwirireko pang'ono, tikangojambulitsa tibwera. Ine ndinali woyamba kupereka wanga. Chibadwire cha Ungweru ndinali ndisanayendepo msana uli wopanda kanthu, ndipo nditalowa m'madzi muja ndinaiwala kuti ndili ndi mwana. Tinabwerako dzuwa litapendeka. Tinawapeza pakhonde ndi makanda anayi, thukuta lili kamukamu, chitenje chatsopano chija atayalira ana, chitanyowa ndi mkodzo. Anangotifunsa ngati kunali bwino. A Isabella, mayi wa golosale wa ku Bolero, anaseka n'kunena kuti mawa akadzionera okha.

Mawa lakelo ku Chitimba zinali zomwezo, chifukwa kunapezeka boti lotiyendetsa ndipo ana sakwera boti. Ndinamva ndi makutu anga a Pamela akuuza mwini nyumba yogona kuti, "Awa ndi agogo athu otisungira ana." Munthu amene anasonkha ngati ife, amene anauzidwa kuti ndi mnzathu. Mtima unandiwawa chomene, koma boti ndinakwera. Masana ndinabwerako msanga kuti ndiwalandire, koma mwana wa a Isabella anakana kubwera kwa ine, kulira mpaka kusanza. A Dinah anamutenganso n'kundiuza kuti ndisavutike, mawa lilipo.

Tsiku lomaliza tinapita ku Mlowe. A Dinah tinawakhazika pansi pa mtengo wa mango, kuseri kwa mathandala oyanikapo usipa. Kuchokera pamenepo mafunde ankamveka koma madzi osaoneka. Cha m'ma 11 ndinabwerera kuti ndiyamwitse, ndipo ndinapeza Ungweru akulira, mayi wina wamtali, manja ali mamba okhaokha, ataima pamaso pa a Dinah. Dzina lawo a Lois, amayanika usipa pamenepo.

"Anawa ndi anu, mama? Mukuwaphika kapena?"

A Dinah anawafotokozera za mphepo ndi liwombo. A Lois anaseka mpaka kugwira thandala. Anandikoka dzanja kupita kumapeto kwa mathandala n'kundiloza mtsikana wina akusambitsa khanda m'mphepete mwa madzi, khandalo lili maliseche, locheperapo kuposa wanga. Anati ana onse a pa Mlowe anakulira mumphepo imeneyo, ndipo chimene chidwalitse athuwa ndi ubweya. Anamuvula Ungweru chipewa ndi juzi. Khosi lonse ndi m'khwapa munali tinsungu tofiira. Nthawi yomweyo mwana anasiya kulira.

Ndiye kuti masiku atatu onsewo a Dinah tinawatsekera kumakonde ndi kuseri kwa mathandala popanda chifukwa. Ana tikanapita nawo kugombe, aliyense n'kubereka wake.

Ndinathamanga kukauza anzanga. Ndinawapeza akubwera kale, majumbo a nsomba ali m'manja. A Pamela anati dalaivala akufuna tinyamuke tsopano, ulendo wa ku Katowo ndi wautali ndipo nsomba ziwola. Ndinati a Dinah sanafike kumadzi ngakhale kamodzi, tiwadikire mphindi zochepa chabe.

"Amake Ungweru, nyanja sithawa," anatero a Pamela. "Adzaiona ulendo wina."

Ulendo wina uti? Munthu wadikira zaka makumi asanu, nyemba wagulitsa, inu n'kumati ulendo wina? Ndinalankhula zambiri pamenepo, zina zosayenera kulemba. Ndinawafunsa ngati anawaitana monga mnzawo kapena anafuna wantchito wodzilipirira yekha thiransipoti. A Isabella anati ndisadziyeretse, woyamba kupereka mwana pa Chiweta ndinali ine. Zinali zoona, ndipo n'zimene zinandipsetsa mtima kwambiri. Wina anati a Dinah amakonda ana okha, palibe anawakakamiza. Winanso anati munthu wamkulu ngati iwowo akatani m'madzi.

Zonsezi a Dinah ankamva ali chikhalire. Kenaka anaimirira. Anatenga khanda lililonse n'kulipereka kwa amake, akutchula dzina la mwanayo, n'kunena amene wadya phala ndi amene sanadye. Anapinda chitenje chawo, analowa m'minibasi, n'kutulutsa chikwama chawo pansi pa mpando.

"Yewo, ana anga. Muyende bwino. Ine ndinadzera nyanja."

A Pamela anawafunsa kuti akagona kuti, nanga ku Katowo tikanena chiyani. Anayankha ndi a Lois, kuti kwawo mphasa ilipo ndipo mlendo sagona panja pa Mlowe. Minibasi ikutembenuka ndinawaona a Dinah pawindo lakumbuyo akudutsa pakati pa mathandala, nsapato zili m'manja. Atafika pamadzi sanaime n'komwe. Analowa ndi diresi lomwelo mpaka m'mawondo n'kukhala pansi, mafunde akuwamenya pachifuwa. A Isabella anati taonani manyazi akewo.

Pobwerera ana analira kuyambira pa Chiweta mpaka ku Bolero, aliyense ali ndi wake pamiyendo, ndipo njira yonse nkhani inali ya a Dinah: ndi wamwano, wosayamika, watichititsa manyazi kwa anthu a kunyanja. Nkhani imeneyi ndi imene inafika pa Katowo iwo asanafike. Mpaka lero azimayi ena a gulu lija amalambalala benchi lawo n'kukagula tomato kutsidya kwa msewu. Ana awo anasungidwa masiku atatu, palibe anagwa, palibe anagona ndi njala, koma palibe mmodzi anapita kukanena kuti zikomo.

A Dinah anabwera patatha masiku anayi pa pikapu ya ku Bolero, atada ndi dzuwa, ali ndi kabasiketi ka usipa kamene a Lois anawapatsa. Ndinatenga masiku awiri ndisanalimbe mtima kupita kubenchi kwawo. Nditafika ndinagwada pambali n'kupepesa, kuti ndinaona zonse kuyambira tsiku loyamba koma ndinasankha kusambira. Anapitiriza kuunjika tomato. Kenaka anandiuza kuti a Lois awaitananso nyemba zikadzakololedwa, ndipo adzapita okha pa matola, opanda gulu.

"Ukafuna tiye," anatero. "Koma Ungweru ukabereka wekha."

Ndinavomera. Amuna anga ndawauza kale, ndipo apongozi ndidzawafotokozera ndekha za chipewa chija.