Phazi la Tadala ku Sparta

Ndili ku Sparta, mzinda wa Agiriki akale, koma ndavala chitenje changa chobiriwira chomwe chija. Mwana wanga Tadala ali kumsana. Azimayi tafola ngati tsiku la sikelo.

Kutsogolo kuli beseni lamkuwa lodzaza vinyo. Kuno khanda amalisambitsa m'vinyo, likanjenjemera ndiye kuti silidzagwira mkondo. Wosambitsa ndi apongozi anga, avala chisoti chankhondo cha manyenje a hatchi.

"Mayi, ndi mdzukulu wanu uyu," ndikuwanong'oneza.

"Kuno kulibe mdzukulu. Mmasuleni."

Akumuviika. Tadala sakunjenjemera, akuseka, vinyo akutuluka m'mphuno. Mtima wanga ukukhala pansi. Kenako akutulukira amuna anga, ndevu zoyera mpaka pamchombo. Iwo ndi mmodzi wa akuluakulu oyesa makanda. Akumugwira chadodolido, akuvula sokosi imene ndimabisamo phazi lake lopindika lija.

"Bambo a Tadala, lidzawongoka! Adokotala anatero!"

"Tidzabereka wina," akuyankha mofatsa, ngati akunena za mbale yosweka.

Phiri labwera lokha pamene panali beseni. Pansi pa phompho padzaza timasokosi toyera. Iwo sakumuponya ayi. Akundibwezera m'manja, akundikonzera chitenje paphewa, n'kunena kuti, "Ponyani inu, mayi ake. Munabwera naye ndinu."

Azimayi onse akululutira, ndipo mikono yanga ikumvera.

Ndadzuka manja ali chitambasukire. Tadala akupuma pambali panga. Bambo ake andifunsa ngati ndagona bwino, koma mpaka pano sindinawayankhe.