Amphaka a Agogo a Sajeni

Ndikaganiza za agogo anga aamuna, bambo awo a mayi, chimayamba kundifika ndi fungo la polishi. Anapuma usilikali ine ndisanabadwe, koma m'mawa uliwonse ankakhala pakhonde la nyumba yawo ku Thambani n'kumapukuta majombo akale mpaka kuwala, amphaka awo anayi akudzikhula m'miyendo mwawo, uku njinga za kabaza zikuliza mabelu panjira ya kumsika. Aliyense ankangowatchula kuti a Sajeni.

Ine ndi mayi tinapita kukakhala nawo ndili ndi zaka khumi. Bambo, amenenso anali msilikali, ankatumizidwa kunja kukasungitsa mtendere, ndipo mayi anali oyembekezera. Potsanzikana, agogo anagwira bambo paphewa. "Pitani bwino, mkamwini. Kuno mlonda ndine."

Analonderadi. Sankalola kuti mayi azitunga madzi kapena kusenza nkhuni. Ntchito ya mayi inali kusesa pabwalo ndi kuthyola ndiwo m'kadimba ka kuseri, komwe amphaka ankakonda kukwirira chimbudzi chawo. Tsiku la msika agogo ankabwera ndi nyama ya mbuzi, n'kuiwotcha okha pamakala, utsi wamafuta uli tolo, kenako n'kuiphula ikadali yofiira m'kati.

"Idya, Esinati," ankatero kwa mayi. "Yopsereza siwonjezera magazi. Kutchire ife tinkadya chonchi."

Mwana anabadwira kuchipatala cha paboma ku Mwanza, ndipo agogo anamutcha Limbani. Patangopita milungu yochepa, mutu wake unayamba kukula mopitirira, maso ake sankatsata chilichonse, nthawi zina ankakomoka. Anamutumiza ku Blantyre, agogo n'kuperekeza. Atabwerako, ndinamva mayi akufotokozera anzawo zimene adokotala ananena: kuti kuli tizilombo topezeka m'chimbudzi cha amphaka ndi m'nyama yosapsa, kuti munthu wamkulu amatha kukhala nato osadwala, koma tikalowa mwa mayi woyembekezera timakawononga ubongo ndi maso a mwana.

M'mawa mwake agogo anaika amphaka onse m'dengu, n'kumangirira panjinga. Anabwera dzuwa litapendeka, dengu lili lopanda kanthu, mikono itakalikakalika. Anati awasiya kwa mnzawo wina kutali, ndipo sanawatchulenso.

Kuyambira pamenepo ankangokhalira Limbani. Atazindikira kuti mwanayo amamva ngakhale saona, ankamuika pachifuwa n'kumayenda naye pang'onopang'ono kuzungulira bwalo, akumuimbira chapansipansi nyimbo za paperete, mpaka kulira kuleke.

Limbani anamwalira ali ndi miyezi isanu ndi iwiri, bambo asanamuone. Tsiku lotsatira maliro, agogo anandipeza nditakhala kuseri kwa nkhokwe. Anandipatsa chimanga chowotcha.

"Sindidya zanu," ndinatero. "Limbani mwamupha ndinu."

Chimanga chinatsala m'manja mwawo. "Ndamva, mama," anayankha, n'kubwerera.

Bambo atafika, agogo anawachingamira panjira atavula chipewa. "Mkamwini, ntchito munandisiyira ija ndinailephera."

"Ayi, bambo," anatero bambo anga. "Kukampu nakonso amphaka ali mbwee, ndipo kanyenya tinkadya tonse mwana wanu ali kale woyembekezera. Palibe angadziwe kumene matendawa analowera."

Agogo anangopukusa mutu.

Tinabwerera kukampu, ndipo patapita zaka ziwiri agogo anamwalira. Pakatipo ndinawachezerapo kangapo. Ndinkawagwadira, kuwapatsa moni, kuwachapira malaya, koma nkhani ija ndinkachita nayo manyazi, ndinkangoti ndidzapepesa ulendo wina.

Lero ndine mayi wa ana atatu. Mnzanga aliyense woyembekezera ndimamuuza kuti nyama izipsa bwinobwino, asambe m'manja akachoka kudimba, chimbudzi cha mphaka azichotsa wina. Ena amandiseka kuti ndimachulutsa zonena. Sadziwa kuti zimenezi ndimazinena mosavuta. Mawu amene anandikanika anali amodzi okha, akuti pepani, ndipo mwini wake anapita asanawamve.