Shati Yoyera Imene Ndinabwereka

Sukulu ya kwacha ija ndinailowera chinthu chimodzi basi, kuti ndiziwerenga ndekha zolembedwa pa botolo la mankhwala. Ndinalekezera ku pulayimale, zilembo zinali zitayamba kundithawa, ndipo mwana wanga woyamba anabadwa ndi chifuwa chobanika. Kumtunda kwathu kuno, m'minda ya mbatatesi, mphepo ya Juni siodira pakhomo.

Koma a bungwe loyendetsa sukuluyo anali ndi maloto aakulu kuposa botolo langa. Aphunzitsi athu, mayi wa nsapato zosongoka, ankabwera pa galimoto yoyera kuchokera ku boma kudzatiuza kuti ino ndi nthawi ya matipate, ndife nzika, ndipo nzika imafunsa atsogoleri mosaopa. Tinkawomba m'manja titakhala pa simenti yozizira m'tchalitchi, iwo ali pampando.

Tsiku lina anafunsa kuti, "Amayi, vuto lalikulu m'dera lino n'chiyani?"

Tonse maso pansi. Koma mlamu wanga, amene pakamwa pake palibe chitseko, anati chipatala. Adokotala amatsegula dzuwa litakwera, kukalipa ndiye osanena.

"Eya! Tipanga sewero," anatero aphunzitsi. "Sewero silitchula dzina la munthu, limangoonetsa vuto."

Nzeru za ku boma zimenezo. Pa kachipatala kathu dokotala analipo mmodzi. Mwina anthu akanaganiza kuti tikunena wa ku Lilongwe.

Ine ndimaona zinthu. Mayi amene amakhalira pabenchi ya chipatala ndi mwana wobanika amawerenga nkhope ya dokotala monga mlimi amawerengera mitambo. Ndinkadziwa mmene amakankhira magalasi ndi chala, mmene amayendera mopendekera kumanzere, mmene amapumira asanayankhule. Pokonzekera sewerolo ndinangoyesera kuti anzanga aseke: "Inunso mwabwera? Kodi mwana ameneyu mumamugoneka mumtsinje?"

Amayi anagubuduzika. Wina mpaka anathawira panja atagwira chitenje.

"Luso limenelo!" anakuwa aphunzitsi. "Mayi, adokotala ndinu."

"Aphunzitsi, pepani, ine ndili ndi mwana wodwaladwala."

"N'chifukwa chake mawu anu ali ndi mphamvu. Musaope, malamulo akukutetezani."

Sindinafunse ngati malamulowo amabaya jakisoni.

Tsiku la msonkhano pabwalo la sukulu panadzaza, akhansala, akuluakulu a ku boma, mipando yapulasitiki yobwereka, ng'oma. Ine ndavala shati yoyera ya amuna anga, ija ya pa mgonero, magalasi a waya pamphuno. Potuluka kuseri kwa kalasi ndinawaona. Adokotala enieni, mzere woyamba, miyendo atapingasa. Aphunzitsi anawaitana dala, akuti kuti adzimvere okha. Ine sanandiuze, poti kumuuza munthu zotere kumaononga luso.

Ndinati ndichite pang'onopang'ono, ndisafanane nawo kwambiri, koma mantha ali ndi nzeru zawo, miyendo inapendekera yokha kumanzere, chala chinapita chokha pa magalasi, mawu aja anatuluka momwemo ndi mpumo womwe. Bwalo lonse linaphulika. Akuluakulu a ku boma ankapukuta misozi n'kumawagwira adokotala paphewa. Iwo anangoonetsa mano, maso ali pa ine, osaphethira.

Titamaliza aphunzitsi anandikumbatira, anandijambula, anati ndine chitsanzo. Galimoto yoyera inanyamuka kubwerera ku boma, kumene kuli madokotala ambiri oti munthu n'kusankha. Chitsanzo chinatsala m'fumbi chikupinda shati.

Sabata yotsatira kunacha ndi chifunga, mwana akukoka mpweya nthiti zikulowa mkati, milomo itayamba kuda. Amuna anga anali atapita kale kudimba. Ndinathamangira kwa mlamu.

"Mlamu, berekani ndinu, mukanene kuti ndi wanu."

"Ine? Si ndine ndinayambitsa nkhani yonseyi?"

"Inu sanakuoneni, munali kumbuyo kwa oimba. Chonde mlamu, taonani mwanayu!"

Anandiyang'ana, anamuyang'ana mwana, anamangirira nsalu. Njira yonse ine pambuyo pawo, khutu langa lili pa kamsana kaja. Pofika ndinabisala kuseri kwa thanki ya madzi, ine nzika yofunsa mosaopa, nditaphimba mutu ngati wakuba nkhuku. Amayi a pamzere atamva kupuma kwa mwanayo anawapatsa mlamu mpata alowe. Ndinkangoona chitseko. Ndinamva mwana akulira mkatimo, kulira kodukaduka, akuitana ine.

Chitseko chinatseguka, mlamu anasuzumira.

"Akuti dokotala mnzawo ali pa thankiyo alowe, adzathandizane."

Mzere wonse unatembenuka. Ndinadutsa pakati pawo, n'kugwada pakhomo pomwepo.

"Dzukani, mukutsekereza kuwala," anatero adokotala osandiyang'ana. Anali akukoka kale mankhwala m'kabotolo. "Chifuwa ichi ndimachidziwa kuposa nkhope yanu. Mumati mundinamize ndi mayi wobwereka? Wayamba liti?"

"M'bandakucha, adokotala."

"Ndiye mwachedweranji?"

"Ndimaopa."

"Kuopa ine? Pabwalo paja simunkaoneka woopa. Mpaka apongozi anga akuyesera kayendedwe kanga pakhomo panga pomwe." Anagwedeza jakisoni. "Gwirani mwendo uwu, adokotala. Gwiritsani, izi si zasewero."

Ndinagwira. Mwana anakuwa, ine misozi pa tebulo lawo. Anatiuza tikhale pabenchi ya pakhonde, tisachoke mpaka atamumvanso. Pamenepo mlamu anayamba kulongosola kuti aphunzitsi akufuna sewero lina, la mjigo umene akhansala analonjeza, ndipo aliyense akuti akhansala ndikhale ine. Ndinawatseka pakamwa ndi dzanja. Ndinkamvetsera. Nthiti zija zinali zitasiya kulowa mkati, mpweya ukulowa, ukutuluka, ukulowanso wosakoka, ndipo mwana anagona atagwira bere langa.