Malata a Bambo Anaoneka Kumwamba

Nditawididwa ku koleji ndinabwerera ku Chinsapo n'kulandira udindo watsopano, woyang'anira mpando wa pakhonde. Ntchitoyi ndinaigwira mokhulupirika. Ndili pampandopo ndinkaonerera mng'alu wa khoma la kuchipinda kwa makolo anga ukukula.

Nyumba yathu inali ya zidina, kumunsi kufupi ndi dambo. Dothi loumbira zidinazo bambo analikumba kuseri komweko, moti dzenjelo linkadzaza madzi dzinja lililonse n'kumanyambita maziko. Mankhwala a bambo anali amodzi: Khirisimasi ikayandikira, kumata mng'aluwo ndi matope n'kupaka laimu. Khoma likayera, nkhani yatha.

"Bambo, khomali likupita," ndinatero tsiku lina.

"Iwe, sukulu inakukana. Ukufuna khoma likumvere?"

Mfundoyo inali yolimba kuposa khomalo. Koma bedi la bambo ndi mayi linali logunda khoma lomwelo.

Anatithandiza ndi mnzanga wa m'kalasi, mtsikana wa ku Area 18 amene sukulu sinamukane. Anali atapita kunja kukapitiriza maphunziro oyeza malo, ndipo patchuthi anadzandiona atanyamula laputopu. Atamva za mng'alu anaitsegula pathebulo. Panaoneka chithunzi cha Lilongwe cha mawangamawanga ngati chitenje.

"Bambo," anatero atagwada pang'ono, "kumwambaku kuli makina otchedwa setilaiti. Amaponya mafunde a rada pansi, mafundewo n'kubwerera. Akadutsanso ulendo wina amayerekeza, n'kudziwa ngati malo atsika, ngakhale pang'ono ngati chikhadabo. Mzere wa nyumba zanu wa kudambowu ukutsika."

"Mitambo siwatchinga?"

"Ayi."

"Nanga laimu?"

"Laimu sawaona n'komwe. Chimene amaona bwino ndi malata."

Bambo anawongoka. Malata amenewo anawagula limodzilimodzi atangofika kuchokera ku Mulanje, ndipo mumzere wathu ndi iwo anayamba kufolera ndi malata.

"Ndiye kuti malata angawa amaoneka kumwamba?"

Mnzangayo sankanama ngakhale ponyengerera. "Sindinganene kuti kadonthoka ndi nyumba yanu yokha. Koma anu ali momwemo."

"Mayi a ana, bwerani mudzaone! Tatchuka!"

Ine ndinkayang'ana zala zake zikuyenda pachithunzipo. Phunziro lomwelo ndinalimvapo m'kalasi, ndili kumbuyo, ndikuganiza za chipisi. Iye analitenga n'kufika nalo m'chipinda cha makolo anga. Ndipo chinthu chouluka kutali chotero, chosatidziwa, chosadya kwathu, chinkasamala za khoma lathu kuposa ife eni ake.

Masana omwewo bambo analamula kuti bedi lisamukire pabalaza. Sanati ndi chifukwa cha mng'alu ayi. Anati munthu amene akuonedwa kumwamba sayenera kutsutsana ndi omuona. Wonyamula bedi ndinali ine, poti ndinali ndi nthawi.

Khomalo linagwa mu Febuluwale, Lamulungu, anthu ali kutchalitchi. Ine ndinali pantchito yanga pakhonde. Linangoti phwa, ngati thumba la chimanga, n'kukwirira pamene pankakhala mapilo.

Makolo atabwera, mayi anakhala pansi pamatope ndi zovala za kutchalitchi. Bambo anazungulira muluwo, navula chipewa, nayang'ana kumwamba cha ku Area 24, mvula ikuwagwera pamphumi.

"Zikomo, achimwene," anatero.

Sindikudziwa ngati setilaitiyo inali mbali imeneyo. Nanenso ndinavula changa.