Mwana wanga amene anatsala pa kasitomu

Ndiyambe ndi kuyamika Mulungu amene wandisunga mpaka imvi, nandisiyira nzeru zokumbukira ngakhale tinthu tating'ono.

Ndinali kamtsikana kongogula kumene mano pamene bambo anadzanditenga kwa amalume, kudziko la Apwitikizi, kuti tibwerere kwathu kwa Mlolo. Bambo ankasonkhezera moto m'sitima ya pamadzi yochokera ku Chinde. M'sitimamo anamasula kamtolo nandipatsa chidole chimene anagula kwa mmwenye. Nkhope yake inali yosalala ngati mbale yadothi, ndipo ukachigoneka chinkatsinzina. Kwathu ana athu a masanje anali zitsononkho za chimanga, zopanda maso. Ndinapempha kansalu n'kuchibereka pomwepo, ndipo kuyambira pamenepo sichinalinso chidole. Anali mwana wanga.

Titafika padoko la ku Nsanje, aliyense anatsika kukaonetsa katundu ku kasitomu, kumene ankadula msonkho wa zinthu zochokera kunja. Kalaliki wake anali munthu wa kwathu konkuno, wolankhula Chisena. Anafunyulula mtolo wa bambo, napezamo malaya akale ndi mchere pang'ono, nati tidutse. Kenaka anawerama n'kundipatsa moni mwanthabwala.

"Nanga inu mayi, mwana wagona bwanji?"

Ine ndinachita zimene ndinkaona amayi onse akuchita mlendo akafunsa za khanda. Ndinatembenuka kumpatsa msana, n'kutsitsa nsalu kuti aone nkhope.

Kuseka kwake kunathera pomwepo. Iye ankayesa kuti ndabereka chitsononkho. Anati chimenechi n'chakunja, chiyenera msonkho, ndipo bwana wake wachizungu anali pakhomo akuyang'ana. Bambo anamuuza kuti malipiro awo amalandira ulendo ukatha, ndipo m'thumba munalibe kanthu. Mnzawo wa m'sitima anati, "Iwe, kodi khanda lili kumsana limakhoma msonkho?" Anthu anaseka, koma kalaliki anangoyang'ana pansi. Bambo anali atangobatizidwa chaka chomwecho, sanafune mkangano kapena bodza. Anagwada namasula okha mfundo ya nsalu pachifuwa panga.

"Usalire, mwanawe. Ulendo winawo ndidzamuombola."

Kalaliki anamugoneka mwana wanga pa thabwa, pakati pa matumba, ndipo anatsinzina. Ndimo mmene ndinamuonera komaliza.

Ulendo winawo sunabwere. Nkhondo ya Azungu inayamba, bambo anawatenga kukasenza katundu wa asilikali, ndipo sanabwerere. Sitima ikalira pa Shire ndinkathamangira kugombe nditanyamula kansalu kaja. Amayi anandisemera chitsononkho chatsopano, n'kuchiboola maso ndi munga wamoto. Ndinachibereka kuti asamve chisoni, koma maso akewo sankatsinzina.

Kalaliki uja ndinamukhululukira kalekale. Ambuye wathu anadyapo m'nyumba za amisonkho, ndipo mmodzi anachita kumutsitsa mumtengo. Koma mpaka lero mtima wanga sunavomere kuti boma lingalemere ndi msonkho wa choseweretsa cha mwana. Mfumu ya dziko ipatsidwe zake, inde, pa nsalu ndi pa mfuti. Za tiana azilekere tiana.

Ndabereka ana enieni, ndalera zidzukulu, komabe ndikamva moni uja wofunsa za mwana, msana wanga umafuna kutembenuka. Ndimalakalaka tsiku limene ndidzaonane ndi bambo kumene kulibe mlonda wa pachipata wofunsa za mtolo.

Inu owerenga, Muomboli amene sazengereza pa lonjezo akusungeni, ndipo zimene mwanyamulira ana anu zifike m'manja mwawo.